Kodi Baibulo Linasinthidwa? Funso la Achinyamata Athu

Inu amene muli mkati mwa kampu ya Dzaleka, inu a m'midzi yozungulira, a pa Dowa Boma, a ku Mponela, a ku Mvera mpaka kumapiri a Ntchisi, Mulungu akudalitseni. Amayi amene muli pa moto musatseke wailesi, nsima ipsa tili limodzi.

Lero tengani Baibulo ndi cholembera, chifukwa tikhala ngati tili m'kalasi. Milungu yapitayi mauthenga ambiri obwera pa foni ya pologalamu ino akufunsa nkhani imodzi, ndipo ambiri olemba ndi achinyamata. Ena anaonera makanema pa YouTube ndi pa TikTok onena kuti Baibulo linasinthidwa. Ena anamva pa mtsutso wa pa msika kuti mfumu ya Aroma, Constantine, ndiyo inasankha mabuku amene tikuwerengawa n'kutentha ena. Ena akuti nkhani ya Yesu inalembedwa mochedwa, anthu atayiwala kale. Chimene chikundiwawa ine si mafunsowo ayi. Chikundiwawa n'chakuti mwana akafunsa kunyumba kapena kutchalitchi akuuzidwa kuti ali ndi chiwanda cha kukayika, abwere kutsogolo timupempherere. Timupemphereradi, koma akabwerera kunyumba funso lija likadali m'thumba mwake, ndipo amene amuyankhe ndi wa pa foni uja. Tikutaya ana motero, abale. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Mwana wofunsa ndi wamoyo, tiyeni timuyankhe.

Tiyambire pamalo pomwe tili pano. Dzaleka asanakhale malo a othawa kwawo mu 1994 anali ndende. Nthawi ya Kamuzu Banda anthu ankatsekeredwa kuno, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kunadzaza a Mboni za Yehova amene anakana kugula khadi la chipani. Ife a Pentekosite timasiyana nawo kwambiri pa chiphunzitso, koma zimene anaona kuno anazionadi. Papita zaka pafupifupi 50. Tsono tayerekezani munthu afike pa msika wa Lachiwiri, akwere pa benchi, n'kuyamba kulalika kuti kuno kunalibe ndende, zonsezo n'zopeka. Angathe mphindi zingati? Agogo ena aimirira pomwepo n'kuti, iwe mwana khala pansi, ife tinaona ndi maso athuwa. Nanga inu abale ochokera ku Rwanda, zimene zinachitika mu 1994 zapitirira zaka 30, kodi mwaiwala? Alipo pakati panu amene akukumbukira tsiku, mtsinje umene anawoloka, ngakhale chovala chimene anavala. Chinthu chimene chinagwedeza moyo wa munthu sichifufutika pa zaka 30.

Sungani zimenezo, tipite kwa Yesu. Anapachikidwa chaka cha 30 kapena 33. Kalata yoyamba ya Paulo kwa Akorinto inalembedwa cha m'ma 54 kapena 55. Mwina mufunsa kuti abusa, mwadziwa bwanji chakacho? Machitidwe 18 amanena kuti Paulo ali ku Korinto anamutengera kwa kazembe wina dzina lake Galiyo. Ku Delphi, m'dziko la Greece, anafukula zidutswa za mwala wolembedwa uthenga wa Mfumu Claudius wotchula Galiyo yemweyo, ndipo mwalawo ukusonyeza kuti anali pa udindo cha m'ma 51 ndi 52. Kalata ija inabwera patangopita zaka zochepa Paulo atachoka kumeneko. Ndiye kuchoka pa mtanda kufika pa kalata imeneyi ndi zaka 20 kapena 25 basi. Nzochepa kuyerekeza ndi mtunda umene ulipo pakati pa ife ndi 1994.

Mukatsegula chaputala 15 cha kalata imeneyi, Paulo akunena kuti uthenga wa imfa, kuikidwa m'manda ndi kuuka kwa Yesu sanaupeke yekha, anachita kulandira kwa amene analipo iye asanatembenuke. Akutchula maina, Kefa amene ndi Petro, khumi ndi awiri aja, Yakobo, komanso gulu la abale oposa 500, n'kuonjeza kuti ambiri a iwo anali akadali moyo pamene ankalemba. Munthu wabodza satero. Wabodza amatchula mboni zakufa zokhazokha. Ndipo ku Agalatiya 1 akunena kuti anapita ku Yerusalemu, anakhala kwa Petro masiku 15, naonananso ndi Yakobo mbale wake wa Ambuye. Masiku 15 onsewo sankasewera bawo. Mauthenga Abwino nawonso sali kutali. Ngakhale ophunzira amene sakhulupirira Mulungu amaika Marko cha m'ma 70, ndipo Yohane, wotsiriza, cha m'ma 90. Marko ali pafupi ndi mtanda kuposa mmene ife tilili ndi zimene zinachitika m'ndende ya Dzaleka m'zaka za m'ma 1970.

Palinso akunja amene analibe nafe chikondi. Tacitus, wolemba mbiri wa ku Rome, cha m'ma 116 analemba kuti Khristu anaphedwa ndi Pontiyo Pilato pa ulamuliro wa Tiberiyo, ndipo Chikhristu anachitcha chikhulupiriro choipa. Mdani akavomera kuti munthu analipo, umenewo ndi umboni wolemera. Josephus, Myuda, analemba za kuphedwa kwa Yakobo m'chaka cha 62 n'kumutchula kuti mbale wa Yesu wotchedwa Khristu. Mu 1961 ku Caesarea anapeza mwala wolembedwa dzina la Pilato ndi udindo wake. Ngakhale Bart Ehrman, pulofesa wa ku America amene anasiya Chikhristu, amenenso makanema ambiri aja amatapa nzeru kwa iye, mu 2012 anatulutsa buku lathunthu lotsutsa anthu onena kuti Yesu sanakhaleko. Ndiye pa funso lakuti kodi Yesu anakhalakodi, tisatayepo nthawi.

Koma wina akuti, abusa, Mauthenga anayiwo amatsutsana. Tiyeni tione, tisathawe. Ndani anapita kumanda m'mawa uja? Mateyu 28 akutchula amayi awiri. Marko 16 akutchula atatu. Luka 24 akutchula atatu n'kunena kuti panalinso ena. Yohane 20 akutchula Mariya wa Magadala yekha, ngakhale pa vesi 2 Mariyayo akulankhula ngati anali ndi anzake. Angelo, Mateyu ndi Marko akunena za mmodzi, Luka ndi Yohane awiri. Kusiyana kulipo, musalole munthu akuuzeni kuti kulibe.

Inu a mu kampu zimenezi mukuzidziwa kuposa ine. Banja limodzi likamafotokoza mmene linathawira, bambo akuti tinawoloka usiku, mayi akuti kunali m'bandakucha. Bambo akuwerenga ana anayi, mayi akuti asanu, chifukwa iwo akuwerenganso kamwana ka mchemwali wawo kamene kanali kumsana. Kodi pamenepo tinene kuti nkhondo kunalibe? Pitaninso pa bwalo la mfumu kumudzi. Mboni zinayi zikaimirira n'kunena mawu ofanana ndendende, osasiyana ngakhale pang'ono, nduna zimayang'anana, zadziwa kale kuti anthuwa anagona nyumba imodzi n'kupangana. Mboni zoona zimasiyana pa nthambi, koma thunthu limakhala limodzi. Pano thunthu ndi ili: tsiku loyamba la sabata, m'mamawa, amayi, Mariya wa Magadala ali pakati pawo m'mabuku onse anayi, mwala wachoka, mtembo mulibe. Ndipo munthu wopeka nkhani masiku amenewo sakanaika amayi kukhala mboni zoyamba, chifukwa umboni wa amayi unkapeputsidwa pa milandu. Anawaika chifukwa ndiwo anafika.

Mudziwenso ichi. Cha m'ma 170 munthu wina dzina lake Tatian anatenga Mauthenga anayiwa n'kuwasoka kukhala buku limodzi losalala, lopanda mfundo. Mipingo ya ku Syria inaliwerenga kwa nthawi yaitali, koma pamapeto pake Mpingo unasankha kusunga anayi aja monga analili, ndi kusiyana kwawo komwe. Anthu ofuna kubisa sachita choncho.

Tsopano tifike pa nkhani yaikulu, yokopera. Pepala lenileni limene Paulo kapena Luka anagwira ndi dzanja lake kulibe, linatha. Ankalemba pa mapepala a gumbwa, ndipo gumbwa amaola. Makina osindikizira anabwera m'zaka za m'ma 1450. Ndiye kwa zaka pafupifupi 1,400 Chipangano Chatsopano chinkayenda ndi manja, munthu kukhala pansi ndi nyali n'kumakopera chilembo chimodzichimodzi. Munthu amatopa, maso amalumpha mzere, nthawi zina amaonjeza kamawu kofotokozera. Zolembedwa pamanja za Chigiriki zimene zilipo lero n'zoposa 5,000, zina mabuku athunthu, zina tizidutswa. Kachidutswa kena kotchuka, kochepa kuposa chikhatho, kali ndi mavesi a Yohane 18. Kanapezeka ku Egypt, kakusungidwa ku Manchester, ndipo ambiri amati n'ka m'zaka za m'ma 100.

Ehrman uja, m'buku lake la mu 2005 lotchedwa Misquoting Jesus, ananena kuti malo osiyana m'zolembedwazi ndi ambiri kuposa mawu onse a m'Chipangano Chatsopano. Mwana akamva zimenezi mtima umagwa. Koma funsani kuti akuwerenga chiyani. Pitani mukatenge Buku Lopatulika lakale la agogo anu, lija lachikuto chakuda. Mupeza alemba cikondi, cifukwa, macimo, popanda h. Latsopano lalemba chikondi, chifukwa, machimo. Mutati muwerenge malo onse otero kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso mupeza zikwizikwi. Kodi chikondi cha Mulungu chasintha chifukwa cha h? Kusiyana kochuluka m'zolembedwa za Chigiriki n'kotero: kalembedwe ka mawu, wina kulemba Yesu Khristu pamene mnzake walemba Khristu Yesu, wina kubwereza liwu kawiri chifukwa cha tulo. Ndipo chiwerengerocho chimakula chifukwa zolembedwazo n'zambiri. Ukakhala ndi kope limodzi lokha supeza kusiyana kulikonse, komanso sungadziwe ngati lili lolondola.

Taganizani uthenga wa maliro. Atuma anyamata asanu ndi mmodzi, aliyense njira yake. Asanu akuti mwambo ndi Lachinayi, mmodzi akuti Lachitatu. Mwadziwa kale amene wasokoneza, ndipo mwadziwa chifukwa amithenga ndi ambiri. Malembo anayenda choncho. Anabalalika msanga, ena ku Egypt, ena ku Syria, ena ku Rome, ena kumpoto kwa Africa, n'kumasuliridwa m'Chilatini, m'Chisiriya, m'chilankhulo cha Akhristu a ku Egypt, kenako cha ku Ethiopia. Panalibe munthu, kaya mfumu kaya papa, amene akanatha kuwasonkhanitsa onse n'kuwasintha mofanana. Zina zinali zitakwiririka kale mumchenga, zikudikira kufukulidwa m'masiku athu ano. Za Chipangano Chakale ndingonena chimodzi. Kuyambira 1947 m'mapanga a pafupi ndi Nyanja Yakufa munapezeka mipukutu, umodzi wa Yesaya wathunthu, wakale ndi zaka pafupifupi 1,000 kuposa makope a Chihebri amene ankadziwika. Atayerekeza anapeza kusiyana kwa apo ndi apo, koma Yesaya ndi yemweyo, chaputala 53 chili momwemo.

Komabe pali malo ochepa pamene kusiyanako si kwa h ayi, ndipo amodzi akutikhudza ife a Pentekosite pamtima penipeni. Tsegulani Marko 16. Kuyambira vesi 9 mpaka 20 ndi pamene pali mawu aja timawakonda, onena za zizindikiro zotsata okhulupirira, kutulutsa ziwanda, malilime atsopano, kusanjika manja pa odwala. Ndi angati a ife tinalalikirapo pamenepo pa chitsitsimutso? Tonse. Tsono yang'anitsitsani. M'Mabaibulo ambiri a masiku ano mavesi amenewa ali ndi chizindikiro, kapena pansi pa tsamba pali timawu ting'onoting'ono tonena kuti zolembedwa zina zakale zilibe gawo limeneli. N'zoona. Mabaibulo awiri akale kwambiri a Chigiriki, Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, onse a m'zaka za m'ma 300, amathera pa vesi 8, pamene amayi aja akuthawa kumanda ali ndi mantha. Sinaiticus mbali yake yaikulu ili ku London, ndipo anaijambula n'kuiika pa intaneti, aliyense akhoza kuiona. Mbali inayi, zolembedwa zochuluka zedi zili nawo mavesiwa, ndipo Irenaeus, mtsogoleri wa mpingo ku Lyon, cha m'ma 180 anatchula vesi 19 n'kunena kuti ndi la kumapeto kwa Marko. Ndiye mavesiwa ndi akale kwambiri, Akhristu ankawawerenga kale Sinaiticus asanalembedwe. Koma ophunzira ambiri, okhulupirira omwe, amaona kuti Chigiriki chake n'chosiyana ndi cha Marko, ndipo amati anaonjezedwa ndi dzanja lina m'zaka za m'ma 100.

Ndikudziwa kuti abusa anzanga ena pano ayamba kutukuta. Akuti mwaulula pa wailesi, anthu asiya kupemphera m'malilime. Dikirani, atumiki a Mulungu. Tiyerekeze taphimba mavesi 12 amenewa ndi dzanja. Chatayika n'chiyani? Malilime ali pa Machitidwe 2, Machitidwe 10, Machitidwe 19, ndi machaputala atatu athunthu, 1 Akorinto 12, 13 ndi 14, m'kalata yomwe ija ya m'ma 55 imene ngakhale osakhulupirira amavomereza kuti analemba ndi Paulo. Ndiye umboni wakuti Akhristu oyamba ankalankhula malilime ndi wakale kuposa Marko yemwe. Kutulutsa ziwanda kuli kuyambira Marko 1. Kupempherera odwala kuli pa Yakobo 5. Kutumidwa ku mitundu yonse kuli pa Mateyu 28. Kuonekera kwa Yesu atauka kuli mu Mateyu, Luka, Yohane ndi Paulo. Nyumba yathu siinaime pa mzati umodzi.

Chokhacho chimene simudzachipeza kwina ngati lonjezo kwa okhulupirira onse ndi chija chakumwa zakupha. Ndipo taonani zimene anthu achita nalo vesi 18. Ku America kuli timipingo togwira njoka m'mapemphero, ndipo alaliki ena afa nazo. Ku South Africa tinamva za mneneri womwetsa anthu petulo. Paulo njoka inamuluma pa chisumbu cha Melita akutola nkhuni, Mulungu namuteteza, koma sanapite kukaisaka kuuna. Ndiye ine maganizo anga ndi awa: mavesi amenewa ndimawawerenga ndi ulemu, ndi umboni wa zimene mpingo wakale unkakhulupirira, koma sindimanga chiphunzitso pa iwo okha. Mnyamata wa ku Ntchisi usakagwire mamba n'kumati abusa anatero.

Malo ena otero ndi ochepa, ndipo akudziwika onse. Nkhani ya mayi wogwidwa m'chigololo, Yohane 7:53 mpaka 8:11, mulibe m'zolembedwa zakale kwambiri. Mawu ena a pa 1 Yohane 5:7 otchula Atate, Mawu ndi Mzimu pamodzi ali mu King James, koma m'Chigiriki chakale mulibe, n'chifukwa chake Mabaibulo atsopano ambiri anawachotsa. Utatu wa Mulungu sunagwe nawo, onani ubatizo wa Yesu pa Yordano ndi Mateyu 28:19. Inu okonda kukwera mapiri kukasala kudya, Mateyu 17:21 m'Mabaibulo ena mudzaipeza pansi pa tsamba. Musatsike phiri chifukwa cha chimenecho, kusala kuli pa Mateyu 6 ndi Machitidwe 13.

Funso langa kwa achinyamata ndi ili: amene anakuuzani za malo amenewa poyamba ndani? Wa pa kanema uja amalankhula ngati wafukula chinsinsi chimene mipingo inakwirira. Koma timawu ta pansi pa tsamba tija anatilemba ndi omasulira Baibulo, Akhristu, n'kutisindikiza m'Baibulo lanu lomwelo limene munagula. Wakuba saika chikwangwani pamene waboola.

Za Constantine sinditaya nthawi yambiri, chifukwa masiku okha akuyankha. Msonkhano wa ku Nicaea unachitika mu 325. Nkhani yaikulu inali chiphunzitso cha Arius, wa ku Alexandria, amene ankati Mwana anachita kulengedwa. Anakambirananso za tsiku la Pasaka ndi malamulo oyendetsera mpingo. Zimene anagwirizana zinalembedwa ndipo zilipo, mulibemo mndandanda wa mabuku a m'Baibulo. Irenaeus uja anali atanena kale kuti Mauthenga Abwino ndi anayi, Mateyu, Marko, Luka ndi Yohane, zaka zoposa 140 msonkhanowo usanachitike. Tili ndi mabuku a gumbwa a makalata a Paulo, a Luka ndi a Yohane a m'zaka za m'ma 200, ndipo akunena za Yesu yemweyo. Onena kuti Constantine ndiye anasandutsa Yesu kukhala Mulungu amve izi: cha m'ma 112 kazembe wa Aroma, Pliny, analembera Mfumu Trajan kuti Akhristu amasonkhana kusanache n'kumaimbira Khristu ngati mulungu. Pamenepo n'kuti Constantine, ngakhale agogo ake, asanabadwe.

Mfumu imene inatenthadi Malembo ndi Diocletian. Mu 303 analamula kuti matchalitchi agwetsedwe ndi mabuku opatulika aperekedwe kuti atenthedwe. Ena anapereka, ena anabisa, ena anafa osapereka. Mabishopu ena amene anafika ku Nicaea patapita zaka 22 anali ndi zipsera za chizunzo chimenecho. Inu amene munathawa nkhondo mutangonyamula mwana ndi Baibulo, ndiuzeni, munthu amene anavutikira buku angalole kuti mfumu imusinthire mwakachetechete?

Zoona n'zakuti mabuku ochepa anatenga nthawi kuti mipingo yonse iwalandire, monga Yakobo, Yuda, 2 Petro, 2 ndi 3 Yohane, Ahebri ndi Chivumbulutso. Mipingo inkafunsa kuti bukuli lachokera kwa atumwi kodi, likuwerengedwa m'mipingo yakale kodi, likugwirizana ndi uthenga umene tinalandira kodi. Kwa ine kuchedwa kumeneko n'kwabwino, kukusonyeza kuti sankangomeza chilichonse. Mabuku ena, monga wotchedwa Uthenga wa Tomasi umene unapezeka ku Nag Hammadi mu 1945, sanalowe chifukwa sanakwanitse mafunso amenewa. Sanabisidwe, lero amagulitsidwa poyera.

Ndipo amene amati Baibulo ndi buku la azungu atchere khutu. Mndandanda wakale kwambiri umene tili nawo wotchula mabuku 27 enieniwa a Chipangano Chatsopano uli m'kalata ya Athanasius, bishopu wa ku Alexandria ku Egypt, ya chaka cha 367. Misonkhano imene inatsimikizira mndandandawo inachitikira ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397, kumene lero ndi Algeria ndi Tunisia. Zidutswa zakale kwambiri zinasungidwa ndi mchenga wa ku Egypt. Abale athu a ku Ethiopia amene tili nawo mu kampu muno, kwawo mfumu inalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300, ndipo ku nyumba ya amonke ya Abba Garima akusunga Mauthenga Abwino olembedwa pa zikopa zaka zoposa 1,300 zapitazo. Africa anali ndi bukuli kale, ife a kuno ndi amene linatipeza mochedwa. Linatipezera m'boma lathu lomwe lino. Mishoni ya Mvera inayamba mu 1889, ndipo ntchito yaikulu yomasulira Buku Lopatulika, motsogozedwa ndi William Murray pamodzi ndi aphunzitsi a kuno kwathu, inachitikira pa phiri la Kaso ku Mvera komweko. Linasindikizidwa mu 1922. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, kenako mu 1998 kunabwera Buku Loyera limene mipingo inamasulira mogwirizana. Mawu amasiyana chifukwa Chichewa cha 1922 si cha lero, komanso omasulira atsopano amabwereranso ku Chigiriki ndi Chihebri ali ndi zolembedwa zakale zimene zinapezeka pambuyo pake. Si kuti wina amakopera kwa mnzake ngati mphekesera ya pa chitsime.

Ndisakunamizeni kuti miyala ndi zidutswa za gumbwa zingatsimikize chilichonse. Pali mafunso amene ophunzira akukanganabe, monga chaka cha kalembera wa pa Luka 2. Ndipo palibe fosholo imene ingafukule kuuka kwa akufa. Mbiri imatifikitsa apa: Yesu anakhalako, anapachikidwa pansi pa Pilato, ndipo patangopita nthawi yochepa anthu amene anamudziwa anayamba kulalikira mu Yerusalemu momwemo kuti amuona wamoyo, osabwerera m'mbuyo ngakhale pomenyedwa. Mmodzi anali Yakobo, wa m'banja limene Yohane 7 akuti silinkamukhulupirira. Wina anali Paulo, amene ankasaka Akhristu khomo ndi khomo. Wosakhulupirira ayenera kufotokoza chimene chinatembenuza anthu awiriwa. Ine yankho langa mukulidziwa, anaukadi, ndipo Mzimu Woyera anandichitira umboni mumtima. Koma umboni wa mumtimawo sindiugwiritsa ntchito potseka mwana pakamwa.

Ndikupatseni ntchito ya sabata ino, ndipo Dzaleka ndi malo abwino kuichitira kuposa Lilongwe. M'magulu anu a m'makomo muli Baibulo la Chiswahili, la Chirundi, la Chinyarwanda, la Chifalansa ndi la Chichewa. Mabaibulo amenewa anamasuliridwa ndi anthu osiyana, m'maiko osiyana, zaka zosiyana. Khalani pansi, aliyense awerenge 1 Akorinto 15 vesi 1 mpaka 11 m'chilankhulo chake, womasulira athandize, mulembe pamene mwasiyana. Mukatero tsegulani Marko 16 muone kuti ndi Baibulo liti lili ndi timawu ta pansi tija, ndipo tikuti chiyani. Atsogoleri a magulu, mulole achinyamata ndiwo awerenge. Munditumizire zimene mwapeza pa nambala ya pologalamu ino.

Sabata yamawa titenga funso la buku lotchedwa Uthenga wa Barnaba, limene anzathu ena Achisilamu amalitchula pa mitsutso. Makope ake akale kwambiri ali m'Chitaliyana ndi m'Chisipanishi, a cha m'ma 1600, ndipo tidzaona chifukwa chake zimenezo zili zofunika. Pakadali pano ndisamve kuti wina watenga phunziro la lero n'kupita nalo pa shopu ya m'bale wa ku Somalia kukayambitsa phokoso. Amenewo ndi anansi athu, timatunga madzi pa mjigo umodzi. Nthawi yathu yatha, mnyamata wa pa makina akundikodola. Tikumane sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.